Zokwera, zoyanga kapena zilambe? Tithandizeni pa chikwangwani cha nazale

Bambo a Tadala: Akuluakulu mwaswera bwanji? Panazale panga paja ku Katoto mu Mzuzu ndikufuna kukhoma chikwangwani cha Chichewa, poti amayi ambiri amene amandigula mbande chachingerezi chija sachiwerenga n'komwe. Mbali ya mitengo ya zipatso yatheka, ya maluwa yathekanso. Yatsala mbali imene ndimaikako magalagadeya, shushu, chinkhupule ndi maluwa aja a m'fensi. Wolemba zikwangwani akuti tilembe ZOKWERA. Mayi a kunyumba akuti ZOYANGA. Alamu anga akuti ZILAMBE. Penti ndagula kale, munthu akubwera Loweruka.

Wakabaza: Madala, mukangolemba MBANDE ZOKWERA mwadzithamangitsira makasitomala nokha. Ndani angayime pamalo polembedwa kuti zinthu n'zokwera, mmene ndalama yavutiramu? 😂

Mayi a Pemphero: Kkkkk koma Wakabaza wanena zoona. "Mbande zokwera mtengo", wina amva kuti zimakwera mumtengo, wina amva kuti n'zodula. Limenelo lichotseni.

Bambo a Tadala: Eeh, ndiye ndikanalira. Atsala awiri.

Nyagondwe: Monire mose. Ine Chichewa ndinachiphunzira kusukulu ndi kumsika, ndiye mundikhululukire. Koma kuyanga ine ndimamva pa majungu ndi mbatata, zoyenda pansi. Magalagadeya ali pamwamba pa waya, amenewonso mumati akuyanga?

Aphunzitsi a ku Luwinga: Amatero ndithu amama. Kuyanga sikusankha kuti pansi kapena m'mwamba. Dzungu limayanga pachulu, likapeza nkhokwe liyanganso padenga la nkhokwe. Nyemba timazigawa pawiri: zoyanga ndi zosayanga. Zosayanga n'zija zimangoima tsinde lalifupi, zoyanga n'zimene zimafuna chimanga kapena mtengo woti zigwire. Alangizi a zaulimi amalankhula choncho, pawailesi amalankhula choncho. Bambo a Tadala, mayi a kunyumba akhoza mayeso.

Alamu a Bambo a Tadala: Ndabwera ndekha kudzadziteteza. Zoyanga ndi mawu ofotokoza chabe, si dzina. Zili ngati kulemba kuti "zouluka" pamene mukugulitsa nkhunda. Dzina lenileni la chomera chokwera m'mitengo ndi chilambe, zambiri zilambe. Kwathu ku Ntcheu mwana aliyense amadziwa.

Mayi a Pemphero: Ndiye shushu ndi chilambe, alamu?

Alamu a Bambo a Tadala: Ndi mtundu wa chilambe.

Mayi a Pemphero: Pitani mumsika wa Zigwagwa mukanene kuti mukufuna zipatso za chilambe, muone chimene akakupatseni.

Anaphiri a ku Chiputula: Ana inu, akundilembera ndi mdzukulu wanga, maso anga ndi tizilembo ta pafoni sizigwirizana. Chilambe musachisewere. Malemu bambo anga ku Dedza anali woluka malichero ndi nsengwa. Nsungwi amazisenda okha pakhonde, koma chomangira mkombero wa lichero ankachita kukachifuna kutchire, m'mphepete mwa mtsinje ndi m'ziyangoyango. Chimenecho ndiye chilambe. Ndi kachingwe kowonda, kolimba, masamba ake obulungira pang'ono ngati mtima, aubweya kunsi. Ankabwera nacho atachikulunga nkhata paphewa, n'kuchiyanika, tsiku loluka n'kuchiviika m'madzi kuti chifewe. Lichero lomangidwa ndi chilambe mumapetera mpaka nsungwi zapakati kubooka, mkombero uli gwa. Malichero a masiku ano akumanga ndi ulusi wa matumba a feteleza, mvula imodzi yokha wayamba kumasuka. Ndiye mukalemba ZILAMBE pa nazale, ine wachikulire ndiganiza kuti mwayamba kugulitsa zomangira.

Nyagondwe: Yewo agogo. Chihengo cha amama anga ku Rumphi chinalinso chomangidwa ndi kachingwe ka kuthengo koteroko.

Alamu a Bambo a Tadala: Agogo sindikukutsutsani, koma ife tikamapita kukasaka mbewa tikakodwa mwendo m'ziyangoyango timati "ndakodwa m'chilambe", osayamba taona kuti masamba ake ndi otani.

Kondwa wa ku Mzuni: Nonse awiri muli ndi mbali yanu. Ine ndikuphunzira za nkhalango, ndipo m'mabuku a zomera za m'Malawi dzina loti chilambe analiika pa chomera chimene asayansi amachitcha Cissampelos mucronata, ndipo n'chimene agogo afotokozachi: masamba a mtima, ubweya, tsinde lowonda lozinga zinzake. Koma anthu salankhula motsata buku. Dzina la chomera chodziwika kwambiri limatambasuka n'kuphimba zinzake zofanana nacho, ndiye chingwe chilichonse cha kutchire chopanda dzina lodziwika chimasanduka chilambe. Chimene sindinamvepo n'chakuti munthu atche mbewu ya m'munda mwake chilambe. Nyemba ayi, dzungu ayi, mphonda ayi. Chilambe n'cha kuthengo, chosadzala munthu.

Aphunzitsi a ku Luwinga: Apo wagunda mfundo mwana wanga. Makolo ankatcha zinthu poona ntchito yake. Chodyedwa chili ndi dzina lakelake: kamumpanda, nkhungudzu, chipwete, chilazi. Chomangira ndi chilambe. Choyabwa ndi chitedze. Gulu limodzi lophatikiza zonsezi sankalifuna, chifukwa palibe tsiku limene mayi ankatuma mwana kuti "kanditengere chomera chilichonse chokwera". Amene akulifuna gululi lero ndi wa nazale ndi wolemba mayeso.

Wakabaza: Kamumpanda dzina lokha lanena kale adilesi yake 😂

Mayi a Pemphero: Nanga luzi? Si chimodzimodzi ndi chilambe?

Anaphiri a ku Chiputula: Ayi mwanawe. Luzi umachita kusenda ku khungwa la mtengo, makamaka mombo, n'kumatafuna kapena kuviika kuti lifewe. Mtengo umauvulaza. Chilambe umangodula, chinabadwa kale chili chingwe.

Akulu a mpingo a ku Katawa: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Pali mawu ena amene simunawatchule: mpesa. Ife a m'tchalitchi tikamva za chomera choyanga, maganizo amathamangira pa Yohane 15, pamene Ambuye akudzitcha mpesa ndipo ophunzira ndi nthambi zake. Koma mpesa ndi wobala mphesa basi, sungautambasule kuti uphimbe shushu.
Ndipo musaganize kuti mkangano wanuwu ndi wachilendo. Paja pa Yona 4 pali chomera chimene chinamera usiku umodzi n'kumuchitira mneneri mthunzi. M'Buku Lopatulika analemba kuti msatsi, ndipo msatsi tonse tikuudziwa, suyanga, umaima wokha. Koma Akhristu akale olankhula Chilatini anazolowera kumva kuti chinali chomera cha mtundu wa mphonda. Jerome pomasulira Baibulo mwatsopano anaikapo dzina la chomera china chokwera m'makoma. Bishopu wa mumzinda wa Oea, umene lero ndi Tripoli ku Libya, atawerenga mawu atsopanowo mu tchalitchi, mpingo unabuka phokoso mpaka bishopuyo anatsala pang'ono kutsala yekha, ndipo anabwezeretsa mawu akale. Bishopu wina, Augustine, anachita kumulembera kalata Jerome m'chaka cha 403 kumudandaulira za nkhaniyi. Dzina la chomera chimodzi.

Wakabaza: Ndiye Bambo a Tadala samalani, mungatsale nokha panazale.

Bambo a Tadala: Kkkk abusa akanakhala pagulu pano akanapeza ulaliki wa Lamulungu.

Nyagondwe: Funso langa lija silinathe bwino. Ngati zonse zikuyanga, bwanji nchunga (nyemba) ndikaziikira kamtengo zimakwera zokha, koma mbatata ngakhale uyiikire mtengo imangodutsa pansi?

Kondwa wa ku Mzuni: Amama, kakweredwe kake n'kosiyana. Nyemba ilibe chogwirira, imazinga ndi tsinde lenilenilo. Nsonga yake imazungulira m'malere pang'onopang'ono mpaka itakhudza kanthu, ikakhudza imayamba kukulunga. Ndipo imakulungira mbali imodzi nthawi zonse: mukaima n'kuyang'ana kamtengo, tsinde la kutsogolo limakwera kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mukaimasula n'kuikulunga mbali inayo, mawa mupeza yamasuka yayambiranso mwa kale. Zilazi ndiye zimasiyana, mitundu ina kumanja, ina kumanzere.
Dzungu, chinkhupule, shushu, nkhaka ndi magalagadeya zili ndi timanja tija tonga ulusi. Kakagwira waya kamapotana ngati sipuling'i n'kukokera tsinde pafupi, ndipo mphepo ikawomba kamatambasuka osaduka. N'chifukwa chake zimenezi zimakonda waya kapena timitengo towonda, mzati wonenepa zimalephera kuugwira. Maluwa aja ofiira a m'mafensi, bougainvillea, alibe zonsezi, amangokola ndi minga n'kutsamira. Mbatata yathu ya kumunda mphamvu zake zili pansi: paliponse pamene mfundo yakhudza dothi lonyowa imatulutsa mizu.
Wasayansi wa ku England Charles Darwin anakhala nthawi yaitali akuyang'anitsitsa zomera zotere m'nyumba mwake, buku lake la nkhani imeneyi linatuluka mu 1875.

Wakabaza: Mzungu kukhala pansi kuonerera nyemba ikukwera. Anthu ena njala sakuidziwa.

Aphunzitsi a ku Luwinga: Ndipo inu mukhala pansi kuonerera mpira mphindi 90 popanda chigoli.

Wakabaza: Aphunzitsi mwandilasa 😂

Kondwa wa ku Mzuni: Mwatchula mpira mwandikumbutsa. Musanafike ku Chintheche pamsewu wa kunyanja, pa Vizara paja pamene ana amagulitsa mipira yoluka ndi utomoni m'mbali mwa msewu, mitengo yotulutsa utomoni wa mpira imene ija ndi yobwera, kwawo ndi ku Brazil. Isanadzalidwe, mpira wa ku Nkhata Bay unkachokera ku zomera zoyanga za m'nkhalango, zamtundu wa Landolphia. Anthu ankatema tsinde, utomoni woyera n'kutuluka, n'kuuumba timibulu tokagulitsa kwa azungu a malonda. Mtundu wina umatchedwa Landolphia kirkii, potengera John Kirk amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi ndi Shire. Malondawo sanakhalitse poti anthu anazitema mopitirira, ena mpaka kukumba mizu. Zipatso zake zimadyedwa, zowawasa bwino. Mukalowa nkhalango ya Mkuwazi mudzaona zingwe zonenepa ngati mkono zikulendewera kuchokera pamwamba penipeni. Zimenezo alamu akazitcha zilambe sindingawatsutse.

Alamu a Bambo a Tadala: Mwamva? Wasukulu wavomereza.

Mayi a Pemphero: Wavomereza za ku Mkuwazi, osati za m'machubu a ku Katoto.

Anaphiri a ku Chiputula: Aphunzitsi atchula chitedze ndiye thupi langa layamba kale kuyabwa. Ana a m'tauni ano sachidziwa. Zikhokhombe zake zili ndi ubweya wofiirira, chilimwe zikauma ngakhale kamphepo kokha kamakuthira. Ukachikhudza usakande, ukakanda ndiye waulowetsa. Ife tinkadzipaka dothi kapena phulusa n'kuthamangira kumtsinje. Anyamata opulupudza ankathira pabenchi ya kusukulu.

Mayi a Pemphero: Agogo, ndipo mudziwe kuti chitedze ndi kalongonda wathu wa ku Mulanje ndi pachibale. Kalongonda ndi uja woweta, ubweya wake suyabwa. Amayanga mochititsa mantha, ukamudzala pafupi ndi chimanga amachigwetsa. Koma kuphika kwake si masewera. Umawiritsa, kutaya madzi, kusenda makoko, kuwiritsanso, kutayanso, tsiku lathunthu nkhuni zikutha. Ukachita ulesi anthu amaledzera, kusanza, ena mutu kusokonekera. Akuluakulu kwathu amasimba kuti nthawi ya nkhondo anthu ankathawa n'kusiya miphika ya kalongonda wosapsa pamoto, adani akafika ndi njala n'kudya. Ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe amakhalapo, mukalaweko kwa odziwa kuphika.

Kondwa wa ku Mzuni: Zoona mayi, asayansi amaziika mu mtundu umodzi, Mucuna pruriens. Chimene chimaledzeretsa mu kalongonda ndi L-dopa, yemweyo amene madokotala amapatsa odwala matenda onjenjemera a Parkinson, koma mu nyembamo ndi wochuluka mosayeza. Alimi ena amadzala kalongonda pongofuna kubwezera chonde m'nthaka ndi kupha udzu, poti akayanga pansi pamakhala mdima.

Nyagondwe: Ine zimenezo ayi. Ndiwo yofuna mtolo wathunthu wa nkhuni, ndi mtengo wa makala wa mu Mzuzu muno?

Wakabaza: Funso: ku Chitedze ku Lilongwe kuja kuli malo a kafukufuku wa zaulimi, ogwira ntchito kumeneko amakhala akukanda?

Aphunzitsi a ku Luwinga: Wakabaza, pita ukanyamule anthu.
Ndibwerere ku mawu aja. Chimene ndimakondera "kuyanga" n'chakuti anatuluka m'munda kalekale n'kulowa m'kamwa mwa anthu. Timati mbumba ya agogo akuti yayanga, kutanthauza kuti ana ndi adzukulu afika ku Karonga, ku Nsanje, ena ku Johannesburg, koma tsinde ndi limodzi. Timati mbiri yayanga mudzi wonse. Ngakhale bizinesi, ikatsegula nthambi ku Ekwendeni ndi ku Mpamba, anthu amati yayanga. Nthawi zonse muli ganizo loti chinthucho chapita kutali koma sichinaduke pamene chinamera. "Kufala" kulibe ganizo limenelo, chofala chimangomwazika. Chilambe sindinamvepo akuchigwiritsa ntchito motero.

Alamu a Bambo a Tadala: Chabwino, ndagonja pa chikwangwani. Koma mawuwa asafe. Ana anga obadwira ku Mchengautuwa nditawafunsa chilambe, wina anati ndi dzina la munthu.

Bambo a Tadala: Ndiye talemba ZOYANGA, pansi pake timaina ting'onoting'ono: magalagadeya, shushu, chinkhupule, maluwa a m'fensi. Alamu, mukandipezera mbewu ya chilambe chenicheni ndidzakuikirani kachikwangwani kanukanu.

Nyagondwe: Adada a Tadala, poti muli pompano, magalagadeya anga ku Chibavi masamba akukwinyika, zipatso zikuuma gwa, m'kati mulibe madzi. Ndithire mankhwala anji?

Bambo a Tadala: Amama, pepani, amenewo mankhwala alibe. Ndi matenda a kachilombo kofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, komanso ndi mpeni umene mwadulira chomera chodwala. Zulani, muwotche, mudzale china patali pang'ono. Magalagadeya mwachibadwa sakhalitsa, pakatha zaka zitatu kapena zinayi amayamba kutopa, ndiye muzikhala ndi ena achichepere pambali. Kuno kozizira dzalani akuda aja ofiirira, achikasu amakonda kotentha ngati kunyanja. Waya mumange pamwamba, mamita awiri, mbande zitalikirane mamita atatu. Musiye tsinde limodzi likwere mpaka pawaya, kenako nthambi ziwiri, ina uku ina uku, zotsalazo zizilendewera. Anthu ambiri amangowasiya apotane pamtengo wa mapeyala, ndiye zipatso zimakabala kumwamba kumene amadya ndi ana a eni ake okwera mitengo.

Mayi a Pemphero: Shushu ndiye alibe mavuto onsewo. Ndinangokwirira chipatso chimodzi chomera kale mphukira kuseri kwa bafa, ndi mvula ya Mzuzu yosatha iyi, pano chaphimba bafa, khola la nkhuku, chayamba denga la alandilodi.

Kondwa wa ku Mzuni: Pa nyemba zoyanga ndiwonjezere. Pamalo ofanana zimabereka kuposa zosayanga, kawiri kapena kuposerapo, chifukwa zimagwiritsa ntchito m'mwamba. Ku Rwanda, kumene minda ndi yaing'ono kwambiri, alimi ambiri anasamukira ku zimenezi. Kuno zimachita bwino kumapiri ozizira ngati ku Misuku ndi ku Dedza. Vuto ndi timitengo toyangira. Munda wonse umafuna timitengo tambirimbiri totalika mamita awiri, ndipo anthu akayamba kukadula ku Kaning'ina ndi ku Lunyangwa, tikhala tikuwononga kumene kumachokera madzi a m'mipope yathu. Dzalani nsungwi pamalire, kapena mangani mizati iwiri ndi waya n'kulendeweza zingwe.

Anaphiri a ku Chiputula: Kwathu mtengo wa nyemba unali chimanga. Phando limodzi, chimanga ndi nyemba. Khwanya tinkathyola momwemo, mkhwani pansi pake.

Wakabaza: Ine pafensi ya maluwa ya kunyumba kumene ndimachita lendi kwamera kaulusi kachikasu, kopanda masamba, kopanda mizu. Ndafufuza pamene kanamerera sindikupapeza. Anthu akuti ndi zamankhwala.

Kondwa wa ku Mzuni: Si zamankhwala achimwene. Ndi kachomera koyamwa zinzake. Kamamera pansi kuchokera ku njere, kakangogwira chomera china kamaboola khungwa n'kuyamba kuyamwa, muzu wake n'kufa, n'chifukwa chake simukuupeza. Kukachotsa ndi manja sikuthandiza, kachidutswa kotsala kamaphukanso. Dulani nthambi zonse zimene kagwira, muwotche kasanachite maluwa. Musataye kudzala.

Wakabaza: Kudya za eni, mizu kulibe. Ndikumudziwa munthu wotero koma ali pagulu pano, ndisatchule.

Alamu a Bambo a Tadala: Ukunena ndani iwe?

Nyagondwe: Kkkkk musiyane. Mayi a Pemphero, shushu wanu wakwera denga la alandilodi, nanga zipatso za padengapo akudya ndani? Ine ndi aneba anga tinasiya kulankhulana mwezi wathunthu chifukwa cha majungu anga amene anadutsa pansi pa fensi n'kukabereka kwawo. Iwo akuti chabereka pabwalo pawo n'chawo. Ine ndikuti anadzala ndani, ankathirira ndani?

Aphunzitsi a ku Luwinga: Mlandu umenewo ngakhale mabuloko lida amauthawa.

Anaphiri a ku Chiputula: Kumudzi dzungu likadutsa malire, mwini munda winayo ankakuitana kuti dzaoneni mlendo wanu wafika kwathu. Mukathyola awiri, limodzi mumamusiyira. Koma mkhwani wa mbali yakeyo ankathyola osapempha.

Mayi a Pemphero: Alandilodi anga sanandiitane. Ndinangoona ana awo ali padenga ndi beseni. Mwezi uno ndikawauza kuti achotsereko pa lendi.

Nyagondwe: Mukawauza mudzatiuze mmene ayankhira, ine ndikufuna ndikayesenso kwa aneba. Adada a Tadala, mundisungire mbande zinayi za magalagadeya akuda, ndidutsa Lolemba pochokera kumsika.

Bambo a Tadala: Zilipo amama, koma mubwere ndi jumbo yanu.